Chipululu ndi Njira Yobwerera



Lero tilingalire za kanema wotchedwa Into the Wild, amene Sean Penn anakonza mu 2007. Nkhani yake inachitikadi. Christopher McCandless, mnyamata wa ku America, atatsiriza maphunziro ake pa yunivesite ya Emory mu 1990, anapereka madola 24,000 ku bungwe la Oxfam, nasowa osatsanzika makolo ake. Atayendayenda zaka ziwiri, mu April 1992 analowa yekhayekha m'thengo la Alaska, dziko lozizira koopsa, nakhala m'chibasi chotayidwa. Mu September alenje anapeza mtembo wake. Anali ndi zaka 24.

Tisafulumire kumuseka. Ludzu limene anali nalo Eklezia amalidziwa bwino. Antonio Woyera wa ku Ejipito, amene anamwalira mu 356, nayenso anagawira osauka chuma chake napita kuchipululu. Ambuye Yesu eni ake anakhalako masiku 40. Mtima wotopa ndi kususuka kwa dziko lino suli mtima woipa ai.

Nanga kusiyana kuli pati? Antonio asanachoke anayamba wapezera mlongo wake pokhala, pakati pa anamwali odzipereka kwa Mulungu. Ali m'linga lake lakale, abwenzi ankamtengera buledi kawiri pa chaka, ndipo iye sanachite manyazi kulandira. Mu 311, Akhristu akuzunzidwa, anatsikira ku Alexandria kukawalimbitsa mtima. Yesu naye atatuluka m'chipululu analunjika ku nyanja ya Galileya kukaitana asodzi. Onse awiri anapatuka kuti akamve Mulungu, koma chingwe chowamanga kwa anthu sanachidule.

McCandless anachidula, ndipo thengo silinamkhululukire. Anawombera nyama yaikulu yonga ntchefu, koma yambiri inaola, inagwa mphutsi, chifukwa panalibe mkulu womuonetsa kafutsidwe kake. Inu amayi amene mumayanika usipa pa thandala, nzeru imeneyo simunabadwe nayo. Munaiona kwa amayi anu. Inu abambo a chilimira, ndani mwa inu anakokapo khoka lija yekha usiku, popanda siginala woyatsa nyali? Ngakhale msodzi wa bwato limodzi, amene amaoneka ngati ali yekha pakati pa madzi, bwatolo anamsemera ndi wina, ndipo za mwera anamchenjeza ndi agogo ake.

Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti mnyamatayo anafuna kubwerera. Mu July ananyamula katundu wake, koma mtsinje wa Teklanika, umene anaoloka mosavuta mu April, anaupeza utasefukira, monga achitira Linthipe m'nyengo ya dzinja. Chapafupi, mtunda wosakwana kilomita imodzi, panali chingwe choolokera chimene anthu ena anamanga kale. Iye sanachidziwe, popeza analibe mapu ochionetsa. Anabwerera ku chibasi chija, njala nimtsiriza mu August.

Pambuyo pake ambiri anayamba kupita kumaloko ngati ku ulendo wa chipembedzo. Amayi awiri anamira mu mtsinje womwewo, wina mu 2010, wina mu 2019, kotero kuti mu June 2020 boma la Alaska linachotsa chibasicho ndi helikopita. Tiwakumbukire atatuwa pa Nsembe ya Misa, pamodzi ndi makolo amene anawadikira. Mizimu yawo iuse mu mtendere.