Kudziwa Mbewu Isanabereke

 Lero tili ku Chiosya m'boma la Mchinji, kumene mtedza ndiwo umalipira sukulu ya ana ndi kufolera nyumba ndi malata. Funso limene tabwera nalo ndi ili: kodi mitundu yatsopano ya mbewu imene alangizi amatiuza kuti tibzale imachokera kuti, ndipo amaikonza ndani?

Akuluakulu a kuno akukumbukira bwino Chalimbana, mtedza wa maso akuluakulu umene unatchukitsa dziko lathu kumisika ya kunja. Pambuyo pake, m'chaka cha 1990, kunabwera CG 7, wofiira, wamafuta ambiri ndiponso wobereka kwambiri. Koma mitundu iwiri yonseyi ili ndi mdani mmodzi, ndiye matenda a kadukutu, amene ena amati khate la mtedza. Matendawa amafalitsidwa ndi nsabwe za m'munda. Mtedza ukagwidwa umapinimbira, masamba amachita chikasu n'kukwinyika, ndipo pokumba mlimi amapeza mizu yokhayokha. M'chaka cha 1975 mliri wa kadukutu unawononga mahekitala pafupifupi 700,000 kumpoto kwa Nigeria. Pakati pa zaka za m'ma 1990 unagwanso kuno kwathu, m'chigawo cha Pakati ndi kutsidya kwa malire, kum'mawa kwa Zambia. Amene analima zaka zimenezo safunika kuwakumbutsa.

Yankho linachokera ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi amene ali m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kubwera kuno ku Mchinji. Kumeneko akatswiri a boma, pamodzi ndi a bungwe la ICRISAT limene linayamba ntchito yake pamalopo mu 1982, anakonza mtedza wa Nsinjiro. Unatulutsidwa m'chaka cha 2000, ndipo umapirira kadukutu.

Tsono tione mmene ntchitoyi imayendera, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Duwa la mtedza limadzibereketsa lokha. Katswiri akafuna kukwatitsa mitundu iwiri, amagwada madzulo pafupi ndi mmera, natsegula duwa limene lisanamasule ndi kachitsulo kopanira, n'kuchotsamo timbali tachimuna. M'mawa mwake amatenga ufa wa duwa la mtundu wina n'kuupaka pamenepo. Mtedza umene wabadwa pa ukwati umenewu amaubzala, ana ake amawabzalanso, ndipo adzukulu amatuluka osiyanasiyana monga mmene ana a mimba imodzi amasiyanirana. Wina amabereka kwambiri koma ndi wofooka pa matenda. Wina ndi wolimba koma maso ake ndi ang'onoang'ono. Kuti apeze mmodzi amene watenga zabwino za makolo onse awiri, katswiri amabzala mimera zikwizikwi, kuiyandikiza dala kwa mtedza wodwala, n'kudikira kuti aone imene ipulumuke. Kuchokera pa tsiku lokwatitsa maluwa kufikira tsiku limene mbewu ifika m'manja mwa mlimi, kawirikawiri pamapita zaka khumi kapena kuposerapo. Mwana amene anali mu Sitandade 1 amakhala akulemba mayeso a Fomu 2.

Nzeru yatsopano imene Azungu amaitcha genomics ikufupikitsa ulendo umenewu. Ine ndinaphunzira zauphunzitsi ndisanalowe m'nyumba ya mphepo, kotero mundikhululukire ndikalankhula ngati ndili pa bolodi. M'kati mwa chamoyo chilichonse muli malangizo olembedwa pa ulusi wosaoneka ndi maso wotchedwa DNA. Malangizowa amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, koma mu mtedza zilembozi ndi zoposa mabiliyoni awiri ndi theka, zomangidwa m'mitolo 40. Malangizo amenewa ndiwo amanena kuti khungu likhale lofiira kapena loyera, mtedza uche msanga kapena mochedwa. Mu 2016 akatswiri a mayiko angapo anasindikiza zimene anawerenga m'mitundu iwiri ya mtedza wam'tchire wa ku South America, imene ndi makolo a mtedza wathu. Mu 2019 anatsiriza kuwerenga mtedza wolimidwa weniweniwo.

Phindu lake nali. Akatswiri akazindikira malo a pa ulusiwo amene amayendera limodzi ndi khalidwe lina, amakhala ngati apeza mphini pa nkhope ya munthu. Safunikanso kudikira miyezi inayi kuti mtedza ukhwime. Amadula kachidutswa ka tsamba la mmera wa milungu iwiri, kapena kusenga pang'ono njere yeniyeniyo, n'kukayesa m'nyumba yoyesera zinthu. Mimera imene ilibe chizindikirocho amaizula nthawi yomweyo, ndipo malo, madzi ndi antchito amasungira yokhayo imene ikulonjeza. Ku India njira imeneyi inathandiza kukonza mitundu ya Girnar 4 ndi Girnar 5, ya mafuta osachedwa kuwonongeka, imene inaperekedwa kwa alimi mu 2020.

Pano ndifuna ndichenjeze, chifukwa pa nkhaniyi pamamveka mphekesera zambiri. Njira imeneyi siilowetsa kanthu kachilendo mu mbewu. Ukwati wa maluwa ndi womwe uja wa madzulo ndi m'mawa. Chasintha ndi diso losankhira. Ndiponso si khalidwe lililonse limene lili ndi chizindikiro chimodzi chooneka bwino. Kupirira chilala, kuchuluka kwa zokolola ndi kukana chuku chimene chimaika poizoni wa aflatoxin mu mtedza zimachokera m'malo ambiri a pa ulusiwo, ndipo dothi ndi mvula zimalowererapo. N'chifukwa chake mbewu imene yapambana m'nyumba yoyesera iyenerabe kubzalidwa m'minda ya alimi zaka zingapo. Amayi a ku Chiosya akaisinja n'kuona kuti nsinjiro zake sizikoma m'nkhwani, mbewuyo yagwa mayeso, makina anene zimene anganene.

Njira yomweyi ikugwiranso ntchito pa zipatso. Amene anakwerapo phiri la Zomba anaona anyamata akugulitsa masitiroberi ndi mabulosi m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe. Sitiroberi ali ndi mitolo 56 ya DNA, ndipo nayenso anawerengedwa mu 2019. Ku America ndi ku Ulaya akatswiri amasankha mimera ya zipatso zotsekemera ndi zosachedwa kuola mwa kuyesa tsamba, ndipo mitundu yokonzedwa kutali choncho ndiyo imene minda ikuluikulu ya blueberry ku Zimbabwe ndi ku South Africa imalima potumiza kunja.

Nanga amagwira ntchito zimenezi ndani? Njira yake ndi yaitali. Wophunzira amayamba ndi digiri yoyamba, mwina ku Bunda, kenaka yachiwiri, kenaka ya PhD. Achinyamata ambiri a mu Africa anaitengera digiri imeneyi ku African Centre for Crop Improvement, ku yunivesite ya KwaZulu-Natal, kapena ku West Africa Centre for Crop Improvement ku Ghana, imene inatsegulidwa mu 2007. Akamaliza pamatsala gawo lina lotchedwa postdoctoral: zaka ziwiri kapena zitatu zimene dokotala watsopanoyo amagwira ntchito pansi pa katswiri wamkulu, monga mmisiri wachinyamata amene wadziwa kupala matabwa koma sanapatsidwe denga lakelake. Amalandira malipiro, amaphunzira kuwerenga DNA pa kompyuta, ndipo amalemba zimene wapeza kuti anzake azipime.

Malo otere ambiri ali m'mayiko olemera, ndipo apa m'pamene mtima wanga umakayika. Mwana wa ku Mchinji akapita kukakonza masitiroberi ku California amabwerako ndi luso lomwe lingathandize mtedza, soya ndi nandolo, ngati abwerako. Koma akafika n'kupeza kuti kulibe makina, magetsi akuzimazima ndipo ndalama za kafukufuku zikudikira opereka thandizo akunja, sitingamudzudzule akanyamulanso chikwama. Mbewu yoyenera dothi la Chiosya singasankhidwe kwina. Wina ayenera kugwada m'munda wa kuno madzulo.

Mlungu wamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kaumitsidwe ka mtedza pa mandela ndi mmene tingapewere chuku. Tsalani bwino.