Nkhokwe ya Magetsi Ili m'Nyanja

Pamene mwezi wa Okotobala ufika, dzuwa nilitentha nthaka, ambiri adandaula kuti magetsi azima, chigayo chaima, ndipo mankhwala osungidwa m'firiji ya kuchipatala ali pangozi. Tifuna kukufotokozerani umo anthu a ntchito imeneyi adziwira nthawi isanafike ngati chilimwe chidzakhala cha kuwala kapena cha mdima.

Magetsi ochuluka a dziko lathu apangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, amene azunguza makina pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Ndipo Shire mwini wake atunga m'Nyanja ya Malawi. Tsono monga mwini nyumba asuzumira m'nkhokwe atatha kukolola, nawerenga miyezi ndi ana oti adye, momwemonso akatswiri ayesa kuchuluka kwa madzi a m'nyanja mvula itatha, cha m'mwezi wa Meyi, pakuti ndi pamene nyanja idzala koposa. Kuyambira pamenepo iphwa pang'onopang'ono kufikira dzinja lina, ndipo madzi amene dzuwa limwa aposa kutali amene atsikira ku Shire. Pa Liwonde pali chitseko cha madzi, Kamuzu Barrage, chomangidwa mu 1965, chimene atsegula mwa muyeso kuti madziwo asathe msanga.

Atatero awerenganso ofuna magetsi. M'chilimwe mafiriji sapuma, mapampu othirira nzimbe ku Nchalo agwira ntchito kolimba, ndipo madzulo, mabanja a m'tauni akayamba kuphika ndi kuyatsa nyale onse pamodzi, katunduyo alemera koposa. Akaona kuti magetsi adzachepa, azimitsa madera mosinthanasinthana kuti dziko lonse lisagwe mumdima nthawi imodzi.

Kuwerengera kumeneku si kwachabe ayi. Kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 nyanja inaphwa kotero kuti Shire analeka kutulukamo. Mu 2016 ndi 2017 chilala chinazimitsa magetsi maola ambiri tsiku ndi tsiku. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anasowa kufikira 2023. Magetsi a dzuwa, monga a ku Salima oyamba mu 2021, athandiza masana, koma dzuwa lilowa pa ora lomwe anthu awafunitsitsa.

Nanga ife a kumidzi, amene ambiri tilibe nyale ya magetsi, zitikhudza bwanji? Tikadula mitengo ya m'mapiri ndi kulima m'mbali mwa mitsinje, dothi litsikira ku Shire nilikwirira madamu, ndipo mayi wochira kuchipatala usiku asowa kuwala. Yosefe anasunga tirigu m'zaka za dzinthu, napulumutsa Ejipito. Mmera m'poyamba: tibzale mitengo dzinja likudzali, tisamale magombe a mitsinje, ndipo tiyamike Mulungu amene anatipatsa nyanja kuti tiisunge.