MKONONO, KUBANIKA KUTULO NDI NTHAWI YOGONA

Anzanga ophunzira, ambiri a ife timayesa kuti munthu woliza mkonono ndiye amene akumva tulo tokoma. Timangomseka, basi. Koma mkonono wina ndi matenda. Madokotala amawatcha matendawa sleep apnea, ndiye kuti kuleka kupuma munthu ali mtulo. Lero tiwerenga za matendawa, za chithandizo chake, ndiponso za m'mene munthu amene wayamba kulandira chithandizo angadziikire nthawi yogona ndi yodzuka.

Chimachitika n'chiyani?

Munthu akagona, minofu ya kukhosi imafewa. Mwa anthu ena lilime limagwera kumbuyo ndipo njira ya mpweya imatsekeka. Mkonono umaleka, kuli zii! Munthuyo sapuma kwa masekondi 10 kapena kupitirira. Kenaka ubongo umamdzidzimutsa, iye n'kubanika, n'kukoka mpweya mwamphamvu, n'kugonanso. Kukacha sakumbukira kanthu. Zoterezi zikamachitika kasanu pa ola limodzi, matenda ayamba. Zikafika ka 30 pa ola limodzi, matendawo ndi aakulu.

Zizindikiro zake ndi izi: mkonono waukulu, kudzuka mutu ukuwawa, kukamwa kouma, kukodza kawirikawiri usiku, kuiwalaiwala, ndiponso kusinza masana ngakhale munthu anagona usiku wonse. Amene amayamba kuzindikira ndi mkazi kapena mwamuna wake. Ena akamva kuti munthu akubanika usiku amathamangira kunena kuti akumtsamwitsa ndi afiti. Ayi, khosi lake ndi limene likutsekeka.

Matendawa amakonda anthu onenepa, a khosi lalikulu, amuna a zaka zapakati ndi amayi amene analeka kusamba. Akalekereredwa amakweza kuthamanga kwa magazi, amalemetsa mtima, ndipo amatha kudzetsa sitiroko. Taganizaninso za dalaivala wa minibasi amene akusinza pa msewu wa M3, pakati pa Zomba ndi Liwonde, atanyamula anthu. Ngoziyo si yake yekha.

Chithandizo

Yambani ku chipatala chapafupi. Pitani ndi amene mumagona naye nyumba imodzi, chifukwa iyeyo ndiye mboni. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena kwina.

Chithandizo choyamba chili m'manja mwanu. Chepetsani thupi ngati ndinu onenepa. Lekani fodya. Musamwe mowa madzulo, kaya ndi kachasu kaya masese, chifukwa mowa umafewetsa khosi koposa. Musamwe mapilitsi ogonetsa popanda kuuzidwa ndi dokotala. Gonani chammbali, osati chagada. Ngati mumatembenuka osadziwa, sokererani kathumba kumsana kwa malaya ogonera n'kuikamo chitsononkho. Mukangogona chagada chidzakukumbutsani.

Kwa amene matenda awo ndi aakulu pali makina otchedwa CPAP. Makinawa amapopa mpweya pang'onopang'ono kudzera m'kapaipi mpaka pa masiki yovala pamphuno, kotero kuti khosi silitsekeka. Anawatulukira ndi dokotala wina wa ku Sydney, m'dziko la Australia, dzina lake Colin Sullivan, ndipo analemba za ntchitoyi m'chaka cha 1981. Amayi ena anaonapo makina a dzina lomweli, otchedwa Pumani, amene amathandiza makanda obadwa masiku asanakwane. Amenewo anayesedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Nzeru yake ndi imodzi, koma a makanda ndi ena, a akulu ndi enanso.

Makinawa sachotsa matenda. Amagwira ntchito pa nthawi yokhayo imene mwawavala. Usiku umene mwawasiya, kubanika kumabwerera. N'chifukwa chake nthawi yogona iyenera kukhala yodziwika, monga m'mene ilili nthawi yomwera mankhwala.

Yambani ndi nthawi yodzuka

Pano ndiye pagona nkhani. Tulo sitikakamizika, koma kudzuka munthu amatha kudzilamula. Tsono sankhani ola limodzi lodzukira, ndipo mulisunge masiku onse asanu ndi awiri, ngakhale tsiku lopuma. Thupi likazolowera kudzuka pa ola limodzi, tulo timayamba kubwera tokha pa ola limodzinso.

Musadalire dzuwa kapena tambala. Kuno ku Zomba dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko mwezi wa Novembala, koma mu Juni limatuluka cha m'ma 6 koloko. Kusiyana kwake ndi ola lathunthu. Tcherani wotchi kapena alamu ya pafoni.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena 8. Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze kuti mayi wina amagulitsa ndiwo pamsika wa Songani ndipo amadzuka 5 koloko m'mawa. Abwerere m'mbuyo maola 8 kuchokera pa 5 koloko. Afika pa 9 koloko usiku. Imeneyo ndiyo nthawi yake yogona. Nanga bambo wa kabaza amene amadzuka 4 koloko kukadikira anthu pasiteji? Iyeyo ayenera kukhala atagona pofika 8 koloko, akachedwetsa 9 koloko.

Ngati munazolowera kugona 11 koloko, musalumphe tsiku limodzi kufika pa 9 koloko. Mudzangokhala maso, n'kuyamba kudana ndi masiki. Bwezani nthawi ndi mphindi 15 zokha, musunge masiku awiri kapena atatu, kenaka mubwezenso. Pakutha milungu itatu mudzakhala mutayandikira. Paja akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kuzolowera masiki

Masiku oyamba ndi ovuta. Masiki imasowetsa mtendere, mphuno zimauma, mpweya umathawira m'mbali. Ambiri amataya mtima mlungu woyamba womwewu. Musayambe kulimbana nayo usiku muli otopa. Ivaleni masana kwa mphindi 20 kapena 30 mutakhala pampando, mukumvera wailesi. Mukatero masiku angapo, yatsani makina muli maso. Kenaka yambani kugona nayo.

Mukadzuka pakati pa usiku n'kupeza kuti mwaivula, ivaleninso. Achipatala amaona kuti munthu wayamba kuzolowera akamaivala maola 4 usiku uliwonse, koma cholinga ndi usiku wonse. Kubanika kumakula kwambiri m'bandakucha, nthawi imene timalota. Kuvula masiki 2 koloko usiku kuli ngati kuchoka pamunda mbalame zisanabwere.

Masiki ikakupwetekani kapena ikamatulutsa mpweya, bwererani nayo kwa amene anakupatsani akakonze zingwe zake. Musasinthe nokha mphamvu ya makina. Tsukani masiki ndi sopo ndi madzi oyera, muiyanike pamthunzi. Makinawa amafuna magetsi. Funsani za batire yoyenera. Magetsi akazima ndipo batire palibe, gonani chammbali, mutu uli pamtsamiro wokwera, ndipo m'mawa mwake musayendetse galimoto ngati mukusinza.

Zothandiza usana ndi madzulo

Mukadzuka tulukani panja kuti kuwala kwa m'mawa kukuombeni. Kuwalaku ndi kumene kumauza thupi kuti kwacha. Tiyi ndi khofi imwani m'mawa, osati madzulo. Nsima ya madzulo idyeni maola awiri kapena atatu musanagone. Chepetsani madzi usiku. Ngati mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi okodzetsa, funsani dokotala nthawi yabwino yomwera, koma musawaleke.

Kugona masana kusapitirire mphindi 30, ndipo kukhale 3 koloko isanakwane. Apanso valani masiki. Ola lomaliza musanagone ikani foni pambali. Mukagona n'kuona kuti tulo takana, dzukani, khalani phee kwa kanthawi, mubwerere pamphasa kapena pabedi mukayamba kusinza. Koma m'mawa dzukani pa ola lanu lomwe lija.

Maliro, chinkhoswe ndi mapemphero a usiku zidzakhalapo ndithu. Usiku umodzi wochezera suwononga zonse. Mawa lake bwererani pa nthawi yanu. A m'banja nawonso athandize: wailesi itsike, ana adziwe kuti 9 koloko ndi nthawi yoti bambo kapena mayi agone.

Lembani m'kope

Apa m'pamene sukulu yathu ya kwacha ikugwira ntchito. Tengani kope, mujambule mizere isanu. Pamwamba lembani: tsiku, ola logona, ola lodzuka, maola amene ndinavala masiki, m'mene ndadzukira. Lembani m'mawa uliwonse, motere:

Lolemba. 9.30 usiku. 5.00 m'mawa. Maola 5. Mutu sukuwawa.

Amene alibe makina alembe ngati anagona chammbali ndiponso zimene mnzawo anamva usiku. Pakatha milungu iwiri pitani nalo kopelo ku chipatala. Dokotala adzaona bwino m'mene mukupezera kusiyana ndi kungomuuza kuti, "Kaya, ndikugona choncho." Ngati patapita mwezi mukusinzabe masana, muuzeni msanga.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zizindikiro zitatu za kubanika kutulo.
2. Chifukwa chiyani tiyenera kuyamba ndi nthawi yodzuka?
3. Munthu amene amadzuka 6 koloko m'mawa agone nthawi yanji kuti akwanitse maola 8?
4. Kodi mungamuuze mawu otani mnzanu wa m'banja amene amaleka kupuma kutulo?