Tabitha Chawinga: mtsikana amene anakana kuchoka m'bwalo

Tikamayendera makalabu a achinyamata ku Mitundu ndi ku Nathenje, timaona chinthu chimodzimodzi pafupifupi paliponse. Mpira ukangotuluka m'thumba, anyamata amadzaza bwalo. Atsikana amaima kunja, ena atabereka ana a azichemwali awo. Tikawafunsa chifukwa chake amati: "Aaa, atinena kuti ndife achimuna."

Mawu amenewa anamunenanso Tabitha Chawinga.

Tabitha anabadwa mu 1996 m'boma la Rumphi, ndipo anayamba mpira akusewera ndi anyamata a m'mudzi. Ali wamng'ono ndithu anabwera kuno ku Lilongwe kudzasewera mu timu ya DD Sunshine. Mu 2014 anapita ku Sweden, n'kukhala mtsikana woyamba wa ku Malawi kusewera mu timu ya ku Ulaya. Mu 2017, ali ku Kvarnsvedens IK, anamwetsa zigoli 26 ndi kuposa osewera onse mu ligi yaikulu ya dzikolo. Chodabwitsa n'chakuti timu yakeyo inatuluka mu ligi chaka chomwecho! Kuchoka apo anakasewera ku China, kenaka ku Inter Milan ku Italy kumene anatsogola ndi zigoli 23 mu 2022/23. Chaka chotsatira anatsogolanso ku France ali ku Paris Saint-Germain, ndipo mu 2024 anasainira timu ya Lyon. Mng'ono wake Temwa naye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024.

Koma pali nkhani ina imene ambiri sakonda kuikamba. Mu 2021 Tabitha anaulula ku nyuzipepala ya The Guardian kuti ali ndi zaka 13 anamukakamiza kuvula pa masewero, ati pofuna kutsimikiza kuti ndi mtsikanadi. Tangoganizani, mwana wa zaka 13. Akuluakulu analipo, koma zinachitikabe. Manyazi amenewa anakhala nawo zaka zambiri asanayankhule poyera, ndipo atayankhula anapempha akuluakulu a mpira kuti ateteze atsikana ena.

Mwina mukufunsa kuti zimenezi zikukhudzana bwanji ndi Edzi. Ife amene timagwira ntchito za umoyo m'midzi timaona kugwirizana kwake tsiku ndi tsiku. Mtsikana amene wazolowera kuti thupi lake aliyense akhoza kulilamulira savuta kumunyengerera. Chidyamakanda chikamuonetsa foni kapena ndalama ya sopo pa msika, amalephera kukana. Akafuna kutchula za kondomu, mawu amamuthera pakhosi. Akagwiriridwa amabisa, poopa kuti amuseka kapena amuimba mlandu iye yemwe. N'chimodzi mwa zifukwa zimene m'dziko muno atsikana a zaka 15 mpaka 24 amatengera kachilombo ka HIV kwambiri kuposa anyamata a msinkhu womwewo.

Sitikunena kuti mpira ndi katemera, ayi. Osewera mpira nawonso amatenga kachilomboka, ndipo wina akhoza kuthamanga mphindi 90 ali nako osadziwa mpaka atayezetsa magazi. Komabe taona kuti mtsikana amene ali ndi timu amakhala ndi anzake owauza zakukhosi, ndipo amene waphunzira kukuwa m'bwalo kuti "ndipatse mpira" savutika kwambiri kunena kuti "toto". Anyamata a m'makalabu, apa pali gawo lanu: tsiku la masewero agawireni bwalo alongo anu, ndipo musiye kuwatcha maina.

Kwa amene wagwiriridwa, kaya ndi mtsikana kapena mnyamata, pali mankhwala otchedwa PEP amene amateteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi. Amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Musadikire kuti nkhani iyambe yakambidwa kwa amfumu. Thamangirani kaye ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, ndipo ngati mukuopa kupita nokha, tiuzeni ife alangizi a zaumoyo tikuperekezeni.