Chisanu cha ku Mitundu ndi Mwera wa ku Senga Bay

Mwezi wa Juni ukafika pakati, munthu wa ku Mitundu kapena ku Nathenje safuna kalendala kuti adziŵe nyengo. Mbandakucha utsi umakhala uli tolotolo pakhomo lililonse, ana ataunjikana pamoto wa zitsononkho, mbatata ili m'phulusa. Amayi opita kumjigo amafunda zitenje ziŵiri. Milomo ya ana imang'aluka, khungu limatuŵa mbuu, ndipo zikang'a zimakula kumapazi. Komabe iyi si nyengo yogona ayi. Ndiyo nthaŵi yotonola chimanga, yothothola mtedza, youmba njerwa, yotumiza mabelo a fodya ku okushoni ku Kanengo, ndiponso yomanga ziliza, pamene ng'oma za gule zimamveka kutali m'mphepo ya usiku.

Kodi kuzizira kotereku kumachokera kuti? Choyamba ndi kukwera kwa malo. Midzi ya kumwera kwa Lilongwe, kuyambira kuphiri la Bunda mpaka ku Nathenje pamsewu wa ku Dedza, ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo munthu akamakwera mamita 1,000 alionse mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Chachiŵiri ndi dzuŵa, limene m'miyezi ya Juni ndi Julayi limayenda chakumpoto, masana n'kukhala aafupi. Chachitatu ndi thambo lopanda mitambo. Nthaka imatentha masana, koma usiku kutenthako kumathaŵira kumwamba popanda chokutchinga. Mitambo ndiyo bulangete la dziko, ndipo usiku wa nyenyezi zoŵala kwambiri ndiwo umacha ndi chisanu choopsa.

Alimi a madimba amaidziŵa bwino nkhaniyi ngakhale sanaiŵerenge m'buku. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho usiku umatsetsereka ngati madzi n'kukaunjikana m'dambo. N'chifukwa chake nkhungu imagona m'dambo pamene pamtunda pali poyera, ndipo tomato, nyemba ndi mbatata ya kachewere za m'munsi mwenimweni zimatha kucha masamba atapsa ngati zadutsidwa ndi moto, pamene za mnzake wolima chapamtunda pang'ono zili bwinobwino. Kabichi ndi mpiru zimapirira. Mlimi wochenjera amabzala zolimbazi kumunsi, zosalimba kumtunda. Ena zikawapsera amathamangira kuganizira mnansi, chonsecho mlandu ndi wa kutsetsereka kwa malo.

Choopsa chachikulu cha nyengoyi chili m'nyumba. Kukazizira kwambiri, mabanja ena amaloŵetsa mbaula ya makala m'chipinda chogona, n'kutseka chitseko ndi mazenera. Makala oyaka m'malo osapita mphepo amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Umaloŵa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka amagona tulo tosadzukanso. Kuti makala asiya kufuka utsi sindiye kuti poizoni watha. Pamenepa ndi pamene ambiri amanyengeka. Mbaula iyenera kutulutsidwa panja anthu asanagone, ndipo wopezeka atafooka m'chipinda chotere atulutsidwe msanga pamphepo ndi kutengeredwa kuchipatala. Nawo ana okwaŵa asasiyidwe okha pamoto, ndipo khanda limene likupuma mofulumira, nthiti zikuloŵa m'kati, lisadikire kuti kuche: kaŵirikaŵiri chimenecho ndi chibayo.

Tsono pali ena, makamaka aphunzitsi, amalonda ndi magulu a achinyamata, amene tchuthi cha pa 6 Julayi chikayandikira amasonkherana ndalama za minibasi kuti akathaŵe chisanu kunyanja. Maganizo awo si olakwika. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka pa Salima kufika ku Senga Bay ndi ena ngati 20. Msewu umatsika chitsikire, pakuti nyanja ya Malaŵi ili pa mamita pafupifupi 475 okha. Juzi imene munthu anavala ponyamuka pa Nathenje amaivula asanafike pa Salima. Madzi a m'nyanja amasunganso kutentha, choncho usiku wa kugombe sufanana ndi wa ku Mitundu.

Koma si chaka chilichonse chimene alendoŵa amapeza zimene anayembekeza. Nthaŵi zina amafika kumwamba kutachita bii, mphepo ikuulutsa mchenga m'mbale za nsima, mafunde akumenya gombe, ndiponso kamvula kowaza kakugwa apo ndi apo. Chilumba cha Namalenje, chimene masiku ena chimaoneka ngati munthu angachigwire ndi dzanja, chimabisika m'nkhungu. Ana amene analota zosambira amakhala pakhonde atafunda zitenje, akulu akutsutsana za amene anasankha tsikulo.

Imeneyi si mvula ya dzinja yobwerera. Ndi chiperoni, dzina lochokera kuphiri la Chiperone m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kumene anthu a ku Mulanje ankaona mitambo yake ikuchokera. M'miyezi yozizira mpweya wochokera kunyanja ya India umakankhidwira kuno kuchokera kumwera chakum'maŵa. Umabwera ndi chinyezi, ndipo ukagunda mapiri umakwera, n'kuzizira, n'kusanduka mitambo yotsika ndi mvula yowaza. Chiperoni chenicheni ndi cha ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Blantyre, koma chikakula mphamvu chimafika ku Dedza, ku Lilongwe ndi m'mbali mwa nyanja. Ku Mitundu chimabweretsa masiku aŵiri kapena atatu opanda dzuŵa, pamene ufa woyanika pamkeka suuma ndipo njerwa zaziŵisi zimachedwa kulimba. Chodabwitsa n'chakuti masiku amenewo masana ndiwo amazizira kwambiri, koma usiku umafundirako, chifukwa bulangete lija labwerera.

Mpweya womwewo ukafika panyanja umatchedwa mwera. Nyanja ya Malaŵi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo inagona kuchoka kumwera kupita kumpoto, mapiri ali mbali zonse. Mwera umaloŵa m'mpata umenewu ngati mphepo m'chitoliro, ndipo ukamayenda pamadzi mtunda wautali mafunde amankira kukula. Choncho munthu amene wathaŵa mitambo ku Nathenje n'kukapeza mafunde ku Senga Bay sanakumane ndi nyengo ziŵiri: wakumana ndi mphepo imodzi kaŵiri.

Asodzi amauopa mwera, ndipo ali ndi chifukwa. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira m'mafunde aakulu pafupi ndi Chitimba, kumunsi kwa Livingstonia, ndipo anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yachitsulo, osati bwato logoba. Mpaka lero nthambi yoona zanyengo imalengeza pa wailesi mwera ukamabwera, kuchenjeza onse oyenda panyanja. Mlendo wa kumtunda ndiye amavuta kumva, chifukwa walipira ndalama zake ndipo mawa lake akubwerera. Amakakamiza mnyamata wa bwato kuti apite naye kuchilumba, kapena amaloŵa m'madzi atamwa moŵa. Chizindikiro chosanama n'chimodzi: akaona mabwato a asodzi atakokeredwa pamchenga, eni ake akusoka maukonde pansi pa mtengo, adziŵe kuti tsiku limenelo nyanja ndi yoyang'ana chabe.

Mwera suli woipa pa zonse. Ukaomba masiku ambiri umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kumwera madzi ozizira a pansi amakwera atanyamula chonde. Chondecho chimameretsa tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi, timene timadyedwa ndi tizilombo todyedwanso ndi usipa ndi utaka. Phindu lake limadza pambuyo. Pamasiku a mphepowo mabwato satuluka, ndipo nsomba zoyanika pathandala siziuma msanga popanda dzuŵa. Pakapita sabata imodzi, mayi wogula ndiwo pamsika wa Mitundu amapeza mulu wa usipa wachepa, mtengo uli womwe uja kapena wakwera, ndipo wogulitsa akafunsidwa amangoloza chakum'maŵa n'kunena kuti kunyanja kuli mwera.