SINDIKATO NDI ORDEM: TIGOGODE KHOMO LITI?

Anthu ambiri ku Furancungo ndi ku Tsangano akamva za bungwe la madokotala kapena la anamwino amangoti ndi la sitalaka. Chonsecho mabungwewa ali mitundu iwiri, ndipo wosadziwa kusiyana kwake amangotha ndalama zoyendera, n'kubwerako chimanjamanja.

Sindikato ndi bungwe la anthu olembedwa ntchito. Nkhani zake ndi malipiro, maola a ntchito, tchuthi ndi kuchotsedwa popanda chifukwa. Munthu amalowamo mwa kufuna kwake. Manthu wa mabungwe otere m'dziko muno, OTM, anabadwa mu 1983 pansi pa chipani cha Frelimo, ndipo mu 1990 anasanduka OTM-Central Sindical. Iye ndi mnzake CONSILMO ndiwo amakhala pansi ndi boma komanso olemba ntchito pokambirana malipiro oyambira.

Ordem ndi nkhani ina. Imakhazikitsidwa ndi lamulo kuti iziyang'anira luso ndi khalidwe la anthu a ntchito imodzi. Ya maloya inakhazikitsidwa mu 1994, ya madokotala mu 2006, ya anamwino mu 2016. Amene dzina lake mulibe m'kaundula wake saloledwa kugwira ntchitoyo, ndipo wolakwa akhoza kuimitsidwa. Motero Ordem imatetezanso inu odwala, ngakhale woimbidwa mlanduyo ali membala wake.

N'chifukwa chake sitalaka za madokotala za mu 2013 ndi mu 2023 sinatsogolere ndi Ordem, koma Associação Médica de Moçambique, bungwe lomenyera ufulu wawo.

Tsono namwino akamanidwa ndalama za maola owonjezera, kodandaula ndi ku bungwe lomumenyera ufulu. Koma akanyozera wodwala mpaka zinthu kuipa, achibale akhoza kukasuma kwa akuluakulu a zaumoyo a m'boma lawo ndiponso ku Ordem.

Nanga mlimi wa fodya wa ku Macanga, wotenga feteleza pangongole ku kampani, kapena wa kachewere wa ku Tsangano? Ameneyu sanalembedwe ntchito, ndipo alibe Ordem. Mphamvu yake ili m'magulu a alimi, onga omwe ali pansi pa UNAC, yomwe inayamba mu 1987. Koma wantchito amene mlimiyo wamulemba kuti azimulipira pakutha pa nyengo, nkhani yake ndi ya lamulo la ntchito.

Musanakwere galimoto ya ku Tete ndi dandaulo lanu, yambani mwafunsa. Paja akulu anati kufunsa ndi kudziwa njira.