Mwaye wa m'Mipaipi ya Balani

Anthu a kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Namitete, amene makolo awo anaphunzira fodya wa chikopa m'masiku amene A.F. Barron anakhazikika ku Mbabzi cha m'ma 1920, anakula akudziwa kuti utsi ndi bwenzi la tsamba, pakuti chikopa chimapsa ndi utsi womwewo. Koma iwo amene atembenukira ku fodya wa fuluu apeza lamulo lina, lakuti utsi uziyenda wokha m'mipaipi yachitsulo, kuchokera kung'anjo kufikira kuchumuni, osakhudza ngakhale tsamba limodzi. M'njira imeneyo ndimo mubisala mdani, ndiye mwaye.

Mwaye ukakhuthala, makamaka pamene asonkhezera nkhuni zaziwisi, moto sukoka bwino, kutentha sikudutsa chitsulo, ndipo mlimi, poona kuti tsamba likuchedwa, amawonjezera zipika, kufikira tsiku lomaliza loumitsa mitsitsi ya masamba, pamene mwayewo uyaka, paipi ifiira, ndipo nthethe imodzi yotulukira pamfundo yotseguka itha thukuta la chaka chonse. Akulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chida chozolowereka ndi chiguduli chomangidwa kunsonga ya nsungwi, pamodzi ndi mtengo wogogodera. Chiguduli chimasesa mwaye wofewa, koma wouma wonga phula chimangousisita; ndipo kugogoda, kumene ambiri amakukhulupirira, ndiko kumamasula mfundo zija. Burashi yawaya yofanana ndi kukula kwa paipi, yokankhidwa ndi ndodo zolumikizana, imapala ndi wouma womwe, munthu ataima pansi, ataphimba mphuno ndi pakamwa.

Nkhondo imeneyi anzathu a ku England anaimenya kale. Kumeneko ana amasiye ankawakwezetsa m'kati mwa machumuni kukasesa mwaye, ndipo ngakhale dokotala Percivall Pott anasonyeza mu 1775 kuti mwaye umadzetsa khansa, ngakhalenso George Smart anapanga burashi ya ndodo zolumikiza mu 1803, eni ntchito anaumitsa mitima, kotero kuti lamulo lamphamvu loletsa mchitidwewu linadza mochedwa, mu 1875. Ndikamaona mwana atalowetsa mkono wonse m'paipi, nkhope ili bii, mtima wanga sukhala m'malo, pakuti mwaye wa kuno nawonso ngwoopsa.

Masiku ano kulinso mabalani a mtundu wa Rocket, amene chumuni chake chimakoka moto mwamphamvu, nadya nkhuni zochepa. Komabe nawonso afuna kusesedwa. Tsono inu a m'makalabu, musanayatse moto woyamba, sonkhanani mugule burashi imodzi ya kalabu yonse, mufunse alangizi a ARET za kukula kwake, ndipo ntchito iyi muisiyire akuluakulu.